Oyendetsa mabasi akanyanyala ntchito, amalipira ndani?

Nachisale: Abale pa gulu pano, ndili ndi funso limene landikhala pamtima. Oyendetsa mabasi ndi sitima akanyanyala ntchito amati akulimbana ndi mabwana awo. Koma mabwanawo ali ndi magalimoto awo, nduna nazo zili ndi ozinyamula. Amene amatsala pa siteji kuyambira m'bandakucha ndi mayi wokolopa m'chipatala, mlonda amene wachezera usiku wonse, mwana amene ali ndi mayeso, ndi wodwala impso amene tsiku lake lokatsukitsa magazi silisunthika. Ine ndimayang'anira amayi okonza m'chipatala. Ambiri analembedwa kudzera ku kampani ina, ndipo akajomba tsiku limodzi amawadula malipiro a tsikulo osafunsa n'komwe chifukwa. Sindidana ndi mabungwe a anthu apantchito ayi. Koma ndithandizeni, ndi ufulu wanji umene mtengo wake amalipira ndi munthu wosauka kuposa wonyanyalayo?

Bambo Mbewe: Mayi Nachisale, funso lanu ndalimva ndipo ndiliyankha. Ine ndine dalaivala wa basi, ndakalambira pa chiwongolero. Inu mumaiona sitiraka tsiku limene basi sinabwere. Ife timakhala titaiyamba nkhaniyo miyezi yambiri m'mbuyomo: makalata, misonkhano imene mabwana amangoisunthasuntha, mkhalapakati, kenako voti. Zonsezi palibe wailesi imene imazinena. Komanso musaganize kuti ndi tchuthi. Tsiku lililonse limene tanyanyala sitilandira kanthu, pamene lendi ikudikira, ana akudikira.

Anthu amaganiza kuti timangofuna ndalama. Nthawi zambiri chimene chimatipweteka ndi kagawidwe ka maola. Amakupatsa shifiti yoduka pakati: uyambe 5 koloko m'mawa, uime 9 koloko, udzayambenso 3 koloko masana mpaka usiku. Maola apakatiwo sakulipira, komanso kunyumba sungapite chifukwa n'kutali. Amene amalemba nthawi ya ulendo ali mu ofesi, amawerengera ngati msewu ndi wako wekha. Ukachedwa, mphindi zako zopumira kumapeto kwa ulendo zimadyeka, ndi zopita kuchimbudzi zomwe. Anzanga ambiri anasiya kumwa madzi ali pa ntchito pa chifukwa chimenechi. Ndiye munthu wotopa choteroyo wanyamula basi yodzaza kumbuyo kwake, ndipo amayi anu okonza m'chipatalawo ali momwemo.

Kondwani: Bambo Mbewe, ulemu wanu, koma aliyense ali ndi zowawa pa ntchito pake. Ine ndimakonza mafoni. Kukachitika sitiraka anyamata anga safika, makasitomala safika, koma mwini nyumba amafika ndithu. Ine ndikanyanyalire ndani? Asilikali ndi apolisi saloledwa kunyanyala m'mayiko ambiri. Mabasi ndi sitima za mumzinda ziikidwe m'gulu lomwelo, nkhani ithe. Ku New York zili choncho.

Tiyamike: Achimwene a Kondwani, n'zoona kuti ku New York kuli lamulo lotero, Taylor Law, la 1967. Limaletsa ogwira ntchito za boma kunyanyala, ndipo wonyanyala amadulidwa malipiro a masiku awiri pa tsiku lililonse limene sanagwire. Koma taonani zimene zinachitika mu Disembala 2005. Ogwira ntchito m'mabasi ndi m'sitima zapansi panthaka oposa 30,000 ananyanyalabe kuyambira pa 20 mpaka pa 22, m'nyengo yozizira koopsa, Khrisimasi ili pafupi. Nkhani yaikulu inali penshoni ya anthu amene adzalembedwe ntchito m'tsogolo. Bungwe lawo linalipitsidwa madola 2.5 miliyoni, mtsogoleri wawo Roger Toussaint anagamulidwa masiku 10 kundende. Lamulo linawalanga, koma anthu anayendabe wapansi kuoloka milatho masiku atatu amenewo. Sitirakayi sinali yoyamba pansi pa lamulolo, ya 1980 inatha masiku 11.

Za kufanizira ndi apolisi, bungwe la ILO, limene limaona za ntchito padziko lonse, lili ndi muyezo wake. Limati boma lingaletse sitiraka pa ntchito zimene zikaima zingaike pachiswe moyo, chitetezo kapena thanzi la anthu: zipatala, madzi, magetsi, olondolera ndege. Mabasi ndi sitima sanaziike m'gulu limenelo. Chimene amalola n'chakuti pakhale mlingo wochepa wa maulendo umene uzichitikabe, ndipo bungwe la ogwira ntchito likhalepo pokhazikitsa mlingowo.

Nachisale: Ndiye a ILO akuti basi ikaima palibe moyo umene uli pangozi? Abwere adzaone wodi imene sinakolopedwe mpaka masana.

Tiyamike: Mayi, pamenepo muli ndi mfundo, ndipo ofufuza ali kumbali yanu kuposa mmene a mabungwe angafunire. Ku Germany anaunika masitiraka 71 a mabasi ndi sitima za m'mizinda ikuluikulu isanu, Berlin, Hamburg, Munich, Cologne ndi Frankfurt, kuyambira 2002 mpaka 2011. Anapeza kuti m'mawa wa tsiku la sitiraka ngozi zapamsewu zimakwera ndi 14 peresenti, ovulala ndi 20 peresenti, ndipo ana aang'ono ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda a m'chifuwa amachuluka ndi 11 peresenti, kaamba ka utsi wa magalimoto amene adzaza misewu. Ku Los Angeles mu 2003 sitiraka inatha masiku 35, ndipo kuchedwa pa misewu ikuluikulu kunakwera ndi 47 peresenti, mumzinda umene ambiri amayenda pa galimoto zawo. Choncho wonena kuti sitiraka sipweteka munthu akunama. Imapweteka, ndipo imafikira ngakhale amene sanakwerepo basi.

Mayi Nangozo: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinali mphunzitsi ndipo ndinakhala m'bungwe lathu mpaka kupuma ntchito. Manambala a Tiyamikewa ine ndikuwawerenga mbali inayo. Ngati mzinda umadwala chonchi anthuwa akaima tsiku limodzi, ndiye kuti tsiku lililonse limene akuyendetsa amapulumutsa anthu ku ngozi ndi ku utsi, ndipo palibe amene amawathokoza kapena kuziwerengera pa malipiro awo.

Koma ndikufuna ndilankhule nanu inu a Nachisale. Amene akudula malipiro a mayi wokolopayo ndani? A Mbewe kodi? Ndi kampani imene inamulemba, imene ikudziwa bwino lomwe kuti mumzinda monse mulibe basi, koma ikulembabe kuti wajomba. Imatero chifukwa palibe amene angaitsutse. Amayi amenewo akanakhala ndi bungwe lawo, nkhani ya tsiku lopanda mabasi ikanalembedwa m'pangano: kampani itumize galimoto, kapena tsikulo lilipidwe, kapena maolawo adzabwezedwe tsiku lina. Chimene chikuwapweteka amayi anu ndi kusowa chinthu chomwecho chimene a Mbewe ali nacho. Mukawalanda a Mbewe, amayiwo sapindulapo kanthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nachisale: Amayi a Nangozo, zimenezo n'zosavuta kulemba. Amayi ena anayesapo kusonkhanitsa anzawo. Palibe amene anawachotsa ntchito poyera ayi, kontirakiti yawo itatha sanawaitanenso basi. Otsalawo anaona ndipo anakhala chete. Ndiye musandiuze ngati kuti sakufuna.

Mayi Nangozo: Sindinati sakufuna, mwana wanga. Ndikudziwa mmene zimachitikira, ndinaziona ndi maso. N'chifukwa chake ndimati mabungwe amphamvu, ngati a oyendetsa sitima, ali ndi ngongole kwa ofooka. Sangamangokumbukira anthu wamba pa tsiku limene akufuna kuti awamvere chisoni. Atumize anthu awo kukathandiza okolopa ndi alonda kukhazikitsa mabungwe, awalipirire loya wina akachotsedwa. Bungwe limene limangoyang'ana mamembala ake okha lidzadzuka tsiku lina mzinda wonse ukuombera m'manja lamulo loliphera.

Tiyamike: Zimene akunena Mayi Nachisale zili ndi pangano lakelake ku ILO, la nambala 98, la 1949. Limaletsa kumuchotsa munthu kapena kumuchitira tsankho chifukwa cholowa bungwe. La nambala 87, la 1948, ndi limene limapereka ufulu wokhazikitsa bungwe popanda kupempha chilolezo. Vuto ndi umboni: kontirakiti ikangotha yokha, kusonyeza kukhoti kuti chifukwa chake chinali bungwe n'kovuta kwambiri. Ndipo dziwani kuti ngakhale ufulu wonyanyalawo anthu akhala akuulimbirana. Pangano la 87 silitchula mawu akuti sitiraka, ndipo mu 2012 oimira olemba ntchito ku ILO anakana kuti ufuluwo ulimo. Mkanganowo unakula mpaka mu 2023 anautumiza ku khoti la dziko lonse ku The Hague. Pangano la United Nations la 1966 la ufulu wa zachuma ndi chikhalidwe ndilo limautchula mwachindunji, m'ndime 8.

Mphatso: Ine ndingofunsa. Bwanji osachita ngati madalaivala a ku Okayama, ku Japan, mu 2018? Anayendetsa mabasi monga mwa masiku onse koma anaphimba makina olipirira ndi nsalu, aliyense anakwera ulere. Kampani ndi imene inaluza, okwera anafika ku ntchito. Ku Brisbane, ku Australia, anachitanso zotero mu 2017. Bambo Mbewe, chikukuletsani n'chiyani?

Bambo Mbewe: A Mphatso, nkhani imeneyi timaikamba kawirikawiri pa depoti, ndipo ine ndimaikonda. Koma ili ndi minga. M'malo ambiri lamulo limakuteteza ukasiya ntchito motsata ndondomeko, koma silikuteteza ukatenga basi ya kampani, kuotcha mafuta ake, n'kukana kutolera ndalama. Amati walakwira ntchito, ena amafika pokutcha wakuba, ndipo amakuchotsa wekhawekha. Chachiwiri, masiku ano anthu ambiri amalipiriratu pa khadi kapena pa foni mwezi wonse, ndalama sizidutsa m'manja mwanga. Komanso pali makampani amene boma la mzinda limawalipira potengera makilomita amene basi yayenda. Ameneyo ndikayendetsa ulere amalandirabe zake zonse, ine ndangomugwirira ntchito.

Kondwani: Chabwino, ngati kuletseratu sikutheka, bwanji osangoti mabasi aziyenda m'mawa ndi madzulo, munyanyale masana?

Tiyamike: Zimenezo n'zimene amachita ku Italy. Lamulo lawo la nambala 146, la 1990, limafuna kuti bungwe lichenjeze masiku 10 sitiraka isanachitike, ndipo pali maola amene mabasi ndi sitima ziyenera kuyenda. Ku Rome ndi kuyambira m'mawa mpaka 8:30, kenako 5 koloko mpaka 8 koloko madzulo. Ku Milan ndi mpaka 8:45 m'mawa, kenako 3 koloko mpaka 6 koloko. Ku France anatenga njira ina mu 2007: sakakamiza munthu kugwira ntchito, koma aliyense wofuna kunyanyala anene kutatsala maola 48, ndipo kampani ilengeze kutatsala maola 24 kuti ndi maulendo ati amene achitike. Zimenezi sizinalepheretse sitiraka yaikulu imene inayamba pa 5 Disembala 2019 pa nkhani ya penshoni, imene inadutsa mwezi wathunthu, koma anthu ankagona akudziwa ngati mawa kuli sitima kapena ayi.

Bambo Mbewe: Za maola otsimikizikazo ndinene zoona, mtima wanga uli pawiri. Kampani imapeza ndalama zambiri m'mawa ndi madzulo. Ndikaiyendetsera nthawi imeneyo n'kunyanyala masana pamene mabasi amayenda opanda anthu, ndaipulumutsira mafuta, ine n'kuluza malipiro. Bwana wotero angakhale nane pansi chifukwa chiyani? Mapeto ake mumakhala ndi timasitiraka tambirimbiri chaka chonse m'malo mwa imodzi yothetsa nkhani. Sindikudziwa ngati okwera angakonde zimenezo.

Koma za kuchenjeza ndikuvomereza ndi mtima wonse. Chimene ndimadana nacho, ndipo ndimachinena pamaso pa anzanga, ndi kuimika mabasi mwadzidzidzi masana anthu ali kale ku ntchito. Munthu amene unamutenga m'mawa uyenera kumubweza kwawo madzulo. Kumusiya mayi pa siteji mumdima kutali ndi kwawo si kumenyera ufulu.

Nachisale: Bambo Mbewe, mawu amenewo ndiwo ndimafuna kumva kuchokera kwa dalaivala. Nditadziwa sabata imodzi pasadakhale ndingathe kusintha mashifiti, kupempha galimoto ya chipatala, kupezera ena pogona pafupi. Chimandisowetsa mtendere ndi kumva 4 koloko m'mawa.

Kondwani: Ine sindinakhutire. Ku Britain anakhazikitsa lamulo mu 2023 loti pa nthawi ya sitiraka sitima 40 pa 100 zilizonse ziziyendabe. Ndiye kuti n'zotheka.

Tiyamike: Analikhazikitsadi, koma taonani mmene linathera pa njanji. Kumayambiriro kwa 2024 kampani ya sitima ya LNER itaonetsa kuti ikufuna kuligwiritsa ntchito, bungwe la oyendetsa sitima la ASLEF linalengeza masiku ena asanu a sitiraka. Kampaniyo inabwerera m'mbuyo, ndipo makampani enawo sanaliyese n'komwe. Kusiyana kwake ndi Italy n'kwakuti kumeneko maolawo amachokera m'mapangano amene mabungwe anatengapo mbali, ndipo pali komiti yoima payokha yoyang'anira. Ku Britain analibweretsa mkangano uli pakati, mabungwe akulikana. Ku Canada nako chigawo cha Ontario chinaletsa ogwira ntchito m'mabasi ndi sitima za ku Toronto kunyanyala mu 2011, n'kuika woweruza mikangano m'malo mwake. Mu 2023 khoti linathetsa lamulolo ponena kuti likuphwanya ufulu wawo.

Kondwani: Woweruza mikanganoyo ine ndikuona kuti ndi wabwino. Mbali zonse zipereke mfundo, iye agamule, mabasi aziyenda.

Mayi Nangozo: Amusankha ndani, a Kondwani? Ndipo akagamula kuti malipiro akwere, boma n'kunena kuti ndalama palibe, mudzalitani? Ife tinakhalapo ndi chigamulo m'manja, chosainidwa bwinobwino, chaka n'kutha osaona kanthu. Chinadzatsatidwa titatseka makalasi. Woweruza amagwira ntchito pokhapokha mbali zonse zikudziwa kuti akanyozedwa pali chotsatira.

Mphatso: Pali kafukufuku wina amene anandidabwitsa. Pa sitiraka ya sitima zapansi panthaka ku London mu Febuluwale 2014, ofufuza anaunika makadi olipirira n'kupeza kuti munthu mmodzi pa 20 alionse amene anakakamizika kusintha njira anapitirizabe njira yatsopanoyo sitiraka itatha, chifukwa inali yabwino kuposa yakale.

Nachisale: Amenewo ndi amene ali ndi njira ziwiri kapena zitatu zosankha. Wokhala kumapeto kwa mzinda, kumene kumafika basi imodzi yokha, njira yake ina ndi miyendo, kapena njinga yamoto imene tsiku limenelo mtengo wake umakwera kuposa zimene apeze pa tsikulo.

Dalitso: Akuluakulu, ndiloleni nanenso. Nonsenu mukukamba za anthu amene ali ndi kalata ya ntchito, penshoni ndi shifiti. Ine ndine kondakitala wa minibasi. M'mizinda yambiri ndife amene timanyamula anthu ochuluka, koma tilibe chilichonse mwa zimenezo. Mwini galimoto amatipatsa tageti ya tsiku, mafuta ndi athu, chindapusa cha pamsewu ndi chathu, chotsala ndicho timagawana ndi dalaivala. Pena sichitsala. Ndiye mukamva kuti a minibasi anyanyala, dziwani kuti kawirikawiri ndi eni ake amene aimika magalimoto pokangana ndi boma za misonkho, ziphaso kapena kulandidwa kwa magalimoto. Ife satifunsa, palibe voti. Amangoti mawa galimoto isatuluke, ndipo tsiku limenelo kwathu sikuphikidwa. Ukayesa kutuluka, anyamata otumidwa akuphwanyira magalasi. Anthu pa siteji amatukwana ife.

Tiyamike: A Dalitso mwakhudza chinthu chimene ngakhale manyuzipepala amachisokoneza. Ku South Africa zinachitika zonse ziwiri ndipo zikusiyana kwambiri. Mu Epulo 2018 ogwira ntchito m'mabasi ananyanyala dziko lonse pafupifupi milungu inayi, motsogozedwa ndi mabungwe monga SATAWU ndi NUMSA. Ankafuna 12 peresenti, anagwirizana pa 9 peresenti chaka choyamba. Imeneyo inali ya antchito kulimbana ndi owalemba, yotsata lamulo, yochenjezeratu. Koma ya ku Cape Town mu Ogasiti 2023 inali ya SANTACO, bungwe la eni maminibasi, pokwiya ndi kulandidwa kwa magalimoto awo. Inayamba mwadzidzidzi masana, anthu zikwizikwi anayenda wapansi usiku m'mbali mwa msewu wa N2, mabasi ena anaotchedwa, ndipo anthu asanu anafa. Mapangano a ILO amene ndatchula aja sateteza kuotcha basi kapena kuopseza wofuna kugwira ntchito, kaya wochitayo ndi wa bungwe la antchito kapena la eni magalimoto.

Bambo Mbewe: Dalitso mwana wanga, zimene wanenazi zandikhudza. Ife tikanyanyala inu mumadzaza, inu mukaimitsidwa ife timadzaza, ndipo timaonana ngati adani pamsewu. Koma kuthamanga kumene anthu amakunenerani kumachokera ku tageti, monga kutopa kwanga kumachokera ku shifiti yoduka. Kodi munayesapo kukhala ndi bungwe lanulanu, losiyana ndi la eni ake?

Dalitso: Timagulu tilipo, koma n'tothandizana pa maliro ndi pa matenda. Tikangoyamba kukamba za tageti, mwini galimoto amati makiyi abwere, pali anyamata khumi pa geti akudikira. Komanso amati sitili antchito ake, tinangobwereka galimoto.

Tiyamike: Mawu akuti munangobwereka galimotowo asakufooketseni. ILO inatulutsa malangizo a nambala 198 mu 2006 onena kuti pofuna kudziwa ngati munthu ndi wantchito, tiyang'ane zimene zikuchitikadi osati dzina limene mwapatsana. Amakuuzani nthawi yoyambira ndani? Amasankha msewu ndani? Galimoto ndi ya yani, ndipo angakulandeni makiyi ndani? Mayankho onse akaloza munthu mmodzi, ameneyo ndi wokulembani ntchito. Komanso ufulu wokhazikitsa bungwe wa m'pangano la 87 ndi wa ogwira ntchito onse popanda kusiyanitsa, ngakhale odziimira okha.

Mayi Nangozo: Dalitso, usayambe ndi sitiraka, mungaphwanyike sabata yoyamba. Yambani ndi kagulu ka maliro komweko, chifukwa kumeneko mumakhulupirirana kale ndipo mumasonkha kale. Gulani kope. Aliyense azilemba tsiku ndi tsiku nthawi imene wayamba, imene waweruka, tageti, mafuta, chindapusa ndi chimene wapita nacho kunyumba. Miyezi itatu ikakwana mudzakhala ndi chinthu chimene mwini galimoto aliyense sangachikane pamaso pa ofesi ya zantchito. Ndipo pokakamba musatumize munthu mmodzi, ameneyo amulanda makiyi tsiku lomwelo. Pitani ochokera kwa eni magalimoto osiyanasiyana. A Mbewe, ku bungwe kwanu kuli amene angakhale nawo pa msonkhano woyamba?

Bambo Mbewe: Alipo, mlembi wa nthambi yathu amazidziwa bwino za kalembetsedwe ka bungwe. Dalitso, unditumizire uthenga kumbali, undiuze tsiku limene kagulu kanu kamakumana ndi nthawi imene mumaweruka, tidzabwere awiri.